Mwana akati "nanenso ndimwe khofi": mmene mungamukonzere kapu yakeyake

Ketulo yawira, fungo la khofi lafalikira nyumba yonse, inu mwakhala pansi ndi kapu yanu m'manja. Kamwana ka zaka 3 kafika n'kuima pafupi ndi bondo lanu, maso ali gwa pa kapuyo. "Adadi, ndilaweko." Mukakana, kayamba kulira. Mukakapatsa kadontho, kakwinya nkhope yonse chifukwa cha kuwawa, mwina kalavula kumene, koma mawa lake nthawi yomweyo kabweranso ndi pempho lomwelo.

Kukwinya nkhopeko kukutiuza zoona zake. Mwana sakufuna khofi ayi, chifukwa lilime la mwana limakana zowawa. Chimene akufuna ndi chimene akuona: kapu yokhala ndi chogwirira, nthunzi ikukwera, kulira kwa supuni potakasa, ndi amayi kapena abambo atakhala phee osathamangira kulikonse. Waona kuti pa nthawi imeneyi anthu akuluakulu amakhala pamodzi n'kumacheza, ndipo iye sakufuna kutsalira kunja. Ine ndimaona kuti chilakolako chimenechi n'chabwino ndipo sichiyenera kuzimitsidwa ndi mawu akuti "choka apa, si za ana izi." Chofunika n'kumupatsa mpando ndi kapu yake, koma m'kapumo musakhale chimene chingamuvulaze. Nazi njira zake.

Choyamba, dziwani chimene mukumukaniza

Kholo limene silikudziwa chifukwa chake likukana limagonja msanga mwana akalira. Choncho tiyambe ndi kafeini, chinthu cha m'khofi chimene chimathamangitsa tulo.

Tsiku likamapita, muubongo mumachuluka chinthu china chotchedwa adenosine, ndipo n'chimene chimatiuza kuti tatopa, tikagone. Kafeini amakakhala pamalo pamene adenosine amayenera kukhala, ndiye uthenga wa kutopa sufika. Thupi latopa ndithu, koma ubongo sukumva. Mwa munthu wamkulu pamatenga maola pafupifupi 5 kuti theka la kafeini amene wamwa lichoke m'magazi, kutanthauza kuti khofi wa masana amakhala adakalimo nthawi yogona ikakwana.

Tsopano ganizirani kathupi kakang'ono. Kapu imodzi ya khofi wofulula, ya mamililita pafupifupi 240, imakhala ndi kafeini wokwana mamiligalamu 80 mpaka 100. Bungwe la Health Canada limalangiza kuti mwana asapitirire mamiligalamu 2.5 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake patsiku, ndipo bungwe la ku Ulaya loona za chakudya la EFSA mu 2015 linaika malire a mamiligalamu 3. Tiwerengere limodzi. Mwana wolemera makilogalamu 15, monga amakhalira ambiri a zaka 3 kapena 4, malire ake potsata Health Canada ndi mamiligalamu 37.5 patsiku lonse. Theka la kapu yanu lapitirira kale. Ndipo malire amenewa sakutanthauza kuti mwana azimwa mpaka kufika pamenepo. Madokotala a ana a American Academy of Pediatrics amalangiza kuti ana asamamwe zinthu za kafeini, chifukwa palibe chimene thupi la mwana limapindula nacho.

Chimene kafeini amaba kwa mwana ndi tulo. Mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika kugona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12. Akaperewera tulo sadandaula ngati ife kuti "ndatopa." Iye amangoyamba kuvuta, kulira pa zinthu zazing'ono, kudumphadumpha, kusamva za aphunzitsi. Ena mtima umagunda mofulumira, manja amanjenjemera, m'mimba mumawawa, kapena amakodza pafupipafupi.

Pali chinanso chimene makolo ambiri sachidziwa. Khofi ndi tiyi wamasamba zili ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi wa m'zakudya monga nyemba ndi masamba, makamaka zikamwedwa pa nthawi ya chakudya. Mwana amene akukula amafuna ayironi wambiri, ndipo akaperewera magazi amachepa. Choncho kumupatsa tiyi m'malo mwa khofi sikuthetsa vuto. Kapu ya tiyi wakuda ili ndi kafeini pafupifupi theka la wa m'khofi, ndipo pa nkhani ya ayironi tiyi ndiye amaposa.

Chachiwiri, onani msinkhu wake

Mwana wosakwana miyezi 6 safuna china chilichonse kupatula bere, kapena mkaka wa makanda wopangidwira iwo ngati kuyamwitsa sikutheka. Ngakhale atambasule dzanja ku kapu yanu, akungofuna kugwira chinthu chowala. Kuyambira miyezi 6 mpaka chaka, mupatseni kakapu kopanda kanthu kapena kokhala ndi madzi pang'ono kuti aziyeserera. Mkaka wa ng'ombe ngati chakumwa udikire akwanitse chaka, ndipo uchi nawo usayandikire pakamwa pake asanakwanitse miyezi 12, chifukwa ungakhale ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa a botulism amene matumbo a khanda satha kulimbana nawo.

Kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 2, mkaka wofunda wopanda chilichonse ndi wokwanira. Kuchokera pa zaka 2 kupita m'tsogolo m'pamene mungayambe zimene zili m'munsizi.

Chachitatu, sankhani chothira m'kapu

Ndiyambe ndi chimene ndimachikonda kuposa zonse, chifukwa n'chosavuta ndipo ana amachikonda msanga: mkaka wathovu. M'malo ambiri ogulitsira khofi amautcha babyccino, ndipo si china koma mkaka wofunda wokhala ndi thovu pamwamba, nthawi zina atawazapo koko pang'ono. Simufunika makina. Tenthetsani mkaka mamililita 100 mpaka 120 mpaka ufunde, usawire. Uthireni m'botolo loyera la pakamwa patalikulu, lisadzaze kupitirira theka. Tsekani mwamphamvu n'kukhutchumula kwa masekondi 30 mpaka 60. Mukatsegula mupeza thovu lakwera. Thirani mkakawo m'kapu, thovulo muike pamwamba ndi supuni. Chenjezo limodzi: musakhutchumule mkaka wotentha kwambiri m'botolo lotseka, chifukwa nthunzi imakankha chivindikiro ndipo mkaka ungakuthovukireni kumaso. Ngati muli ndi chofululira khofi chija chokankha ndi kamtengo chotchedwa French press, chitsukeni bwino, thiranimo mkaka, kenaka kwezani ndi kutsitsa kamtengoko kangapo. Thovu lake limakhala losalala kwambiri.

Mwana akamakula, amayamba kuona kuti chakumwa chake n'choyera pamene chanu n'chakuda. "Amayi, wanga sakufanana ndi wanu." Apa m'pamene balere wokazinga amathandiza. Anthu a ku Italy ali ndi chakumwa chotchedwa caffè d'orzo, chopangidwa ndi balere yekha, chimene chinafala kwambiri pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse khofi atasowa, ndipo mpaka lero amapatsa ana. Ku Japan ana amamwa mugicha, amene ndi balere wokazinga wowiritsidwa m'madzi. Balere alibe kafeini ngakhale pang'ono, mtundu wake ndi wofiirira ngati khofi, ndipo kununkhira kwake kumafanana ndi kwa buledi wongochoka mu uvuni.

Mungagule wa ufa wongosungunula, koma kukonza nokha sikovuta. Tengani kapu imodzi ya balere, musankhe timiyala ndi zinyalala, mutsuke n'kuyanika mpaka aumiretu. Ikani chiwaya chouma pamoto wapakatikati, osathira mafuta. Thiranimo balereyo n'kumatakasa osalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20. Ayamba kusanduka wagolide, kenaka wofiirira. Akafika pofiirira ngati khungu la buledi wopsa bwino, phulani. Musadikire ade ngati makala, chifukwa akapserera amawawa ndipo mwana amukana. Muyaleni m'mbale yaikulu kuti azizire, chifukwa akatsala m'chiwaya chotentha amapitiriza kupsa. Akazizira musinjeni kapena kumupera, koma asasalale ngati ufa, akhale wa timisere. Sungani m'botolo louma lotseka bwino.

Pokonza, thirani supuni imodzi yaikulu ya balereyo m'madzi okwana mamililita 250, awire pang'onopang'ono kwa mphindi 5 mpaka 10, kenaka sefani. Kwa mwana, theka la kapu likhale madzi a balerewa, theka linalo mkaka. Mukaika thovu pamwamba, kapu yake ndi yanu sizisiyana m'maso. Dziwani kuti balere, tirigu ndi mbewu ina yofanana nazo yotchedwa rye zili ndi chinthu chotchedwa gluten. Mwana amene ali ndi matenda a celiac, amene amachititsa thupi kukana gluten, kapena amene dokotala anamuletsa zatirigu, asamwe zimenezi.

Chicory ndi muzu wa chomera cha maluwa obiriwira ngati thambo, umene amaukazinga n'kuupera. Unatchuka ku France pa nthawi ya Napoleon, pamene kutsekedwa kwa malonda ndi Britain kuyambira mu 1806 kunachititsa khofi kusowa, ndipo ku New Orleans anthu amausakaniza ndi khofi mpaka pano. Ulibe kafeini. Koma chicory ndi wowawa kwambiri, ndipo ali ndi inulin, chinthu chimene chikachuluka chimadzaza mpweya m'mimba kapena kutsegula m'mimba. Ine sindimuika patsogolo kwa ana aang'ono. Ngati mukufuna kuyesa, theka la supuni yaing'ono mu kapu ya mkaka ndi lokwanira, ndipo muone mmene m'mimba mwake muchitire.

Rooibos, tiyi wofiira wochokera ku mapiri a Cederberg ku South Africa, alibe kafeini ndipo zinthu zolepheretsa ayironi zija alinazo zochepa poyerekeza ndi tiyi wakuda. Mukamuviika kwa mphindi 5 n'kuthira mkaka amaoneka bwino ndipo amakhala wozuna pang'ono mwachibadwa. Ndi wabwino kwa mwana amene akutsanzira kholo lakumwa tiyi. Carob nayenso ndi wabwino. Ndi ufa wa zipatso za mtengo wina wa kumadera a nyanja ya Mediterranean, umakoma moyandikira chokoleti, ndi wozuna kale ndipo ulibe kafeini. Supuni imodzi yaing'ono, yoyamba yasungunulidwa m'madzi ofunda pang'ono kuti isapange mibulu, imakwanira kapu ya mkaka.

Nanga koko? Koko ali ndi kafeini, koma wochepa: kapu ya chokoleti chakumwa kawirikawiri imakhala ndi mamiligalamu osapitirira 10. Kuwaza pang'ono pamwamba pa thovu kulibe vuto. Vuto lalikulu la ufa wa chokoleti wogula ndi shuga, amene m'mitundu yambiri ndiye amaposa china chilichonse m'chitinimo.

Khofi wochotsedwa kafeini, uja amalemba kuti decaf, ndimamukana kwa ana aang'ono. Kafeini samutha yense, kapu imodzi imatsala ndi mamiligalamu 2 mpaka 15. Komanso kakomedwe kake ndi ka khofi weniweni, ndiye mukuzoloweza lilime la mwana chinthu chimene mukufuna achidikire. Tsiku limene adzapeze kapu ya khofi weniweni patebulo sadzaona kusiyana kulikonse.

Chachinayi, werengani zolembedwa pa chitini

Apa m'pamene makolo ambiri a zolinga zabwino amakodwa. Chitini chikalembedwa kuti chicory ndi zilembo zikuluzikulu, sizitanthauza kuti mulibe khofi. Zakumwa zodziwika monga Ricoré ndi Ricoffy ndi zosakaniza za chicory ndi khofi weniweni, ndipo opanga ake amalemba zimenezo poyera pa mndandanda wa zosakaniza. Ndi zabwino kwa akuluakulu, koma si za mwana. Zina monga Caro wa ku Germany ndi Inka wa ku Poland zimapangidwa ndi balere, rye ndi chicory popanda khofi. Postum, amene C. W. Post anayamba kugulitsa ku America mu 1895, ndi wa tirigu wokazinga ndi manyuchi a nzimbe.

Tembenuzani chitinicho, muwerenge timalemba ting'onoting'ono takumbuyo. Mukaona mawu akuti coffee, caffeine, guarana, yerba mate, kola nut, green tea kapena matcha, chibwezereni pa shelefu, chifukwa zonsezi zili ndi kafeini. Onaninso pamene shuga waikidwa pa mndandandawo. Zosakaniza zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri, ndiye shuga akakhala woyamba kapena wachiwiri, mukugula shuga wopaka mtundu. Tiyi wa zitsamba wosakaniza mitundu yambiri musamupatse mwana musanafunse adokotala, chifukwa si chitsamba chilichonse chimene chili chabwino kwa ana.

Chachisanu, shuga

Pa nkhani yonseyi, ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, kuposanso kafeini. Kafeini makolo amamuopa kale. Shuga ndiye amalowa mwakachetechete, supuni ziwiri m'mawa uliwonse, chifukwa tikufuna mwana asangalale.

Supuni yaing'ono imodzi ya shuga ndi magalamu 4. Bungwe la American Heart Association limalangiza kuti mwana wa zaka 2 mpaka 18 asafike magalamu 25 a shuga wowonjezera patsiku, amene ndi masupuni aang'ono 6, ndipo wosakwana zaka 2 asapatsidwe n'komwe. Bungwe la World Health Organization mu 2015 linati shuga wotere asafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku, ndipo kukhala pansi pa 5 peresenti n'kwabwino koposa. Masupuni 6 amenewo ndi a tsiku lonse, kuphatikizapo mabisiketi, jamu, yogati wozuna ndi juwisi. Mukathira awiri m'kapu ya m'mawa, gawo limodzi mwa magawo atatu latha mwana asanatuluke pakhomo.

Mmera m'poyamba. Mwana amene kapu yake yoyamba inalibe shuga sadziwa kuti pali chimene chikusowa. Mkaka uli ndi shuga wakewake wachibadwa, ndipo ukafunda kuzuna kwake kumamveka bwino. Sinamoni pang'ono, wongotsina ndi zala, amapereka fungo limene limanyenga lilime kuti chakumwacho n'chozuna. Yambani choncho ndipo musatchule n'komwe za shuga.

Ngati anazolowera kale zotsekemera, musadule tsiku limodzi, mudzangoyambitsa nkhondo ya m'mawa uliwonse. Chepetsani ndi kota ya supuni sabata iliyonse. Lilime limasintha pang'onopang'ono, ndipo pakatha mwezi umodzi kapena iwiri adzakhala akumwa chimene poyamba akanachikana. Uchi, kwa amene apitirira chaka, ndi shuga ndithu kwa mano ndi thupi, musaupeputse.

Ndinene chinanso, ngakhale chimawawa kumva. Mwana akutsanzira inu. Akamaona masupuni atatu akulowa m'kapu yanu, adzafunsa chifukwa chake yake ilibe, ndipo funsolo lidzakhala lachilungamo. Chitini cha shuga chisamakhale patebulo. Ngati simungathe kumwa khofi wopanda shuga, thirani kukhitchini, kapena yambani kuchepetsa limodzi ndi mwanayo.

Chachisanu ndi chimodzi, kutentha ndi kapu

Zakumwa zotentha ndi zimene zimawotcha ana aang'ono ambiri m'nyumba. Khungu la mwana ndi lopyapyala kuposa lathu, ndipo kapu ya khofi kapena tiyi ingathe kumuwotcha ngakhale patapita mphindi 15 chiikonzereni. Madzi otentha madigiri 60 amavulaza khungu m'masekondi ochepa chabe. Mwana amene wayamba kukonda nthawi ya khofi amayandikira tebulo kuposa kale, ndiye muwonjezere tcheru.

Chakumwa chake chikhale chofunda basi. Takasani, donthezani pang'ono mkati mwa dzanja lanu pamene pali mitsempha, ndipo ngati mwamva kutentha, dikirani kapena thirani mkaka wozizira. Mukatenthetsa mu microwave, dziwani kuti imatenthetsa mosiyanasiyana, pamwamba pangakhale pofunda pakati pakuwotcha, choncho kutakasa n'kofunika. Kapu yanu ikhale pakati pa tebulo, osati m'mphepete. Nsalu ya patebulo yolendewera ichotseni, chifukwa mwana amaikoka. Musamwe chotentha mwana ali pamiyendo panu, ndipo musadutsitse kapu pamwamba pa mutu wake.

Ngozi ikachitika, thamangirani naye pa madzi ozizira oyenda, pamalo opsawo pathiridwe kwa mphindi 20. Vulani chovala chonyowa ngati sichinamatirire pakhungu. Musaikepo ayezi, mafuta, batala, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Phimbani ndi nsalu yoyera yosathothoka ubweya, mwanayo mumufunditse kuti asazizidwe, ndipo pitani kuchipatala ngati papsa pankhope, m'manja, kumaliseche, kapena ngati chilonda ndi chachikulu kapena chatuluka matuza.

Kapu yake ikhale yeniyeni, yaing'ono, ya chogwirira chokwana dzanja lake. Apa musanyozere, chifukwa theka la chisangalalo chonse lili m'kapumo. Ngati n'kotheka asankhe yekha. Isafanane ndendende ndi yanu, kuti asadzasokoneze n'kunyamula yolakwika. Musagwiritse ntchito botolo la nsonga kapena kapu yoyamwa ija, chifukwa mwana amayenda nayo tsiku lonse akupsontha pang'onopang'ono, mano n'kumangokhala m'mkaka, ndipo kuwola kwa mano kumayambira pamenepo. Adzataya, inde, kangapo konse. Thirani theka la kapu ndipo kansalu kopukutira kakhale pafupi, apukute yekha.

Chachisanu ndi chiwiri, nthawi ndi muyezo

Kapu imodzi yaing'ono patsiku, atakhala pansi, pa nthawi yodziwika. Mupatseni atadya kale kapena akudya, chifukwa mkaka umakhutitsa, ndipo akayamba ndi kapu chakudya amachisiya. Mkaka wa m'kapuyi muuwerengere pamodzi ndi wina wonse wa tsikulo. Mwana wamng'ono amene amamwa mkaka wa ng'ombe wochuluka, kupitirira kwambiri theka la lita tsiku ndi tsiku, amadya zochepa ndipo angathe kuperewera ayironi, poti mkaka uli ndi ayironi wochepa kwambiri. Ludzu la tsiku lonse lithetsedwe ndi madzi.

Chinthu chatsopano chilichonse muyambe nacho chokha, pang'ono, n'kudikira masiku awiri kapena atatu musanawonjezere china. Mukaona zidzolo, kuyabwa, kusanza kapena kutsegula m'mimba, siyani ndipo mufunse kuchipatala. Milomo ikatupa kapena akavutika kupuma, musadikire, pitani nthawi yomweyo. Mwana amene mkaka wa ng'ombe sumuyanja angamwe mkaka wa soya wopanda shuga wowonjezeredwa kashiamu, umene umachitanso thovu bwino.

Chachisanu ndi chitatu, muuzeni zoona

Makolo ena amathira balere n'kunena kuti "nayu khofi wako." Ndikumvetsa chifukwa chake, kulira kumatha pompo. Koma ine ndimatsutsa. Mwana amene akukhulupirira kuti amamwa khofi adzapita kwa anzake kapena kwa achibale n'kunena molimba mtima kuti "kwathu ndimamwa," ndipo munthu wachifundo adzamuthirira weniweni. Adzapezanso kapu yanu yotsalira n'kuimaliza, poganiza kuti n'chimodzimodzi. Ndipo tsiku limene adzazindikire kuti munkamunamiza, adzayamba kukayikira zina zimene mumamuuza.

Chakumwacho chipatseni dzina lakelake, ngakhale asankhe yekha. Chingakhale "thovu langa" kapena "balere wa mwana." Kenaka mufotokozereni mwachidule, mawu omwewo nthawi zonse: "Mwanawe, khofi ali ndi mankhwala othamangitsa tulo. Iwe thupi lako limakula ukagona. Uyu ndi wa amayi, uyu ndi wako." Mwana wa zaka 3 amamva zimenezi. Musamuopseze ndi zabodza, monga zoti khofi amafupikitsa munthu. Palibe umboni wa zimenezo, ndipo chifukwa chenicheni n'chokwanira kale.

Mulole agwire nawo ntchito. Wa zaka 3 angathe kukhutchumula botolo la mkaka inu mutaligwira pansi, ndi kuwaza sinamoni. Wa zaka 5 angayeze supuni ya balere n'kuyala makapu. Wa zaka 8 angatakase chiwaya inu muli pompo. Ketulo ndi madzi owira zikhale zanu. Zikatha, khalani naye pansi, foni muiike kutali, ngakhale mphindi 10 zokha. Mukamupatsa kapu n'kutembenukira ku kompyuta, mwamupatsa mkaka koma chimene anabwerera sanachipeze, ndipo posachedwa adzayambanso kukoka kapu yanu.

"Ndilaweko pang'ono chabe" adzapemphabe nthawi zina. Kadontho kamodzi sikangamudwalitse, koma vuto ndi lakuti kadontho ka lero kamakhala lamulo la mawa. Muloleni anunkhize, agwire nyemba za khofi, aone mukupera. Pakumwa pokha yankho likhale limodzi tsiku lililonse.

Chachisanu ndi chinayi, panganani ndi ena a m'nyumba

Nkhanga zinapangana kusanapse. Amayi akakana koma abambo n'kumapereka mobisa, mwana amaphunzira kumene khomo lili lofooka. Agogo nawo amakonda kusangalatsa adzukulu, ndipo ambiri adzanena kuti "ife tinakulira tiyi, tafa?" Musakangane nawo pamaso pa mwana. Auzeni mwaulemu paokha: "Agogo, mwanayu akamwa tiyi amavuta kugona usiku. Ndabweretsa chake ichi, mukamamwa wanu mumukonzereko." Mukawapatsa botolo la balere m'manja, mwawapatsa njira yosonyezera chikondi chawo popanda kuphwanya lamulo lanu. Chimodzimodzi wolera mwana ndi azakhali ake.

Ngati tsiku lina mwapeza kuti wamaliza khofi wanu wozizira amene munasiya, musachite mantha. Onani kuchuluka kumene wamwa, mumupatse madzi ndi chakudya, ndipo yembekezani kuti tsiku limenelo adzavuta kugona. Koma akayamba kusanza mobwerezabwereza, kunjenjemera kwambiri, mtima kugunda modabwitsa kapena kukomoka, pitani kuchipatala. Ngati wameza mapiritsi a kafeini, ufa wake, kapena wamwa chakumwa chopatsa mphamvu chija cha m'chitini, pitani musanaone chizindikiro chilichonse ndipo mutenge paketi yake. Chitini chaching'ono cha mamililita 250 cha zakumwa zoterezi chimakhala ndi kafeini wofanana ndi kapu ya khofi, ndipo chifukwa n'chozuna mwana amachimwa chonse.

Akafika zaka 12 kapena 13 nkhani imasintha. Thovu ndi dzina lokongola sizimukopanso, ndipo anzake ayamba kugula zakumwa za kafeini. Madokotala a American Academy of Child and Adolescent Psychiatry amalangiza kuti a zaka 12 mpaka 18 asapitirire mamiligalamu 100 patsiku, pafupifupi kapu imodzi, ndi kuti zakumwa zopatsa mphamvu azipewe. Pamenepo khalani naye pansi ndi pepala, muwerengere limodzi: chitini cha kola cha mamililita 330 chili ndi mamiligalamu 30 ndi kupitirira pang'ono, tiyi wakuda pafupifupi 45, khofi 80 mpaka 100. Mukagwirizana zoti ayambe, ayambe ndi kapu yaing'ono ya theka khofi theka mkaka, m'mawa pokha, ndipo kapu ya masana ikhalebe ya balere kapena rooibos.